Kamaikulosikopu ka USB kolembedwa 1000x: ndakayesa pa mphutsi ndi ntchentche kuno ku Mulanje

Pabokosi pake analembapo kuti 1000x, kutanthauza kuti kamakulitsa chinthu ka 1000, ndipo ndiyambire pomwepo chifukwa ndi funso lomwe aliyense amandifunsa akaona zithunzi za mphutsi zomwe ndimaika pa WhatsApp. Nambala imeneyo ndi yokopera makasitomala basi. Kamaikulosikopu kameneka sikangakuonetseni mabakiteriya, sikangakuonetseni tizilombo ta malungo m'magazi, ndiye ngati mukufuna ka ntchito zimenezo musataye ndalama zanu. Koma pa ntchito yomwe ine ndinakagulira, yoyang'ana tizilombo tooneka kale ndi maso koma tomwe ziwalo zake zofunika ndi zazing'ono kwambiri, kandithandiza zedi, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwinobwino kuti aphunzitsi anzanga a Biology ndi Agriculture, alangizi a ziweto ngakhalenso ana a ku MUST uko ku Ndata adziwe chomwe akugula.

Ndinakagula ku Limbe pa shopu ina ya zida za mafoni. Kalibe dzina la kampani, pabokosi angolemba kuti Digital Microscope, ndi mtundu womwewo mumauona pa AliExpress komanso m'magulu ogulitsana zinthu pa Facebook, ndipo nthawi yomwe ndinkakagula mtengo wake sunkafika pa wa foni ya touch yotchipa. M'bokosi mumakhala kachubu kakuda ka pulasitiki kokhala ndi chingwe cha USB, kutsogolo kuli lenzi yozunguliridwa ndi timagetsi ta LED 8, pakati pali gudumu lopotokola la fokasi, pachingwe pali kagudumu kena kochepetsera kuwala. Amaikamonso kasitandi, ka CD komwe malaputopu ambiri masiku ano alibe polowetsa, ndi kapepala ka pulasitiki kokhala ndi mizere ya mamilimita. Kapepala aka musakataye chonde, ndi komwe kamakuuzani zoona za kukula kwa chinthu chomwe mukuchiona.

Pa laputopu kamangogwira mukangolumikiza, kompyuta imakatenga ngati webcam wamba, mutsegule pulogalamu ya Camera ya Windows basi chithunzi chabwera. Pa foni ya Android pamafunika ka OTG, kachingwe kolumikizira USB ku foni, ndi apu yowerenga kamera ya USB, ndipo si foni iliyonse imene imalola, ya mkazi wanga inakana pomwe yanga inavomera nthawi yomweyo, ndiye pitani ndi foni yanu ku shopu mukayesere konko musanapereke ndalama. Kalibe batire yakeyake, kamadya ya foni, ndipo kamaidya mwachangu ndithu makamaka magetsi onse 8 akayaka mpaka pamapeto. Ubwino wake ndi woti magetsi a ESCOM akazima ntchito siima, power bank kapena sola yaing'ono ya panyumba ikukwanirani.

Za kukula kuja ndinaziyeza motere, ndipo inunso mutha kuyeza. Gudumu la fokasi lili ndi malo awiri pomwe chithunzi chimamveka bwino lenzi ikakhala pafupi ndi chinthucho. Pamalo oyamba sikirini yonse imadzaza ndi mamilimita pafupifupi 8 a pakapepala kaja, pamalo achiwiri imadzaza ndi mamilimita 2. Sikirini ya laputopu yanga ndi ya masentimita 30 m'lifupi, ndiye mamilimita 300 kugawa ndi 2 ikubwera 150, kwinako ikubwera pafupifupi 40. Ndiye kukula kwenikweni ndi pakati pa 40 ndi 150 pa laputopu, pa foni kuchepera pamenepo. Zithunzi zimatuluka za timadontho 640 kwa 480, ukasankha zazikulu mu apu kamangotambasula chithunzi chomwecho popanda kuwonjezera chilichonse chatsopano. Zinandiwawa pang'ono kuona bodza lotere pabokosi, chifukwa mphunzitsi wa kusekondale ya masana yemwe wasunga ndalama zake movutikira atha kugula poganiza kuti ana aona maselo a magazi, kenako n'kukhumudwa pamaso pa kalasi yonse.

Tsopano nkhani ya mphutsi, yomwe ndi imene inandipangitsa kukagula. Chamoyo chikafa panja, kaya ndi nkhuku, galu, mbuzi kapena munthu, oyamba kufika ndi ntchentche zobiriwira zonyezimira zija, za banja la Calliphoridae. Zimamva fungo ife tisanamve kanthu, ndipo kukakhala kotentha masana zimatha kufika pasanathe ola. Yaikazi imaikira mazira oposa 100 pamalo amodzi, timulu toyera, m'maso, m'mphuno, m'kamwa kapena pabala. Mazirawo amaswa pasanathe tsiku limodzi kukamatentha, mphutsi zimayamba kudya, zimafundula khungu kawiri, ndiye kuti zimadutsa magawo atatu, kenako zikakhuta zimachoka pamtembo kukabisala m'dothi pomwe khungu lawo limauma n'kukhala kachikhokho kofiirira, mkatimo ndi momwe mumatuluka ntchentche yatsopano. Ulendo wonsewu uli ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo imadalira mtundu wa ntchentche ndi kutentha kwa pamalopo. Ndiye ukapeza mphutsi yaikulu kuposa zonse, n'kudziwa mtundu wake ndi gawo lomwe ili, ndi momwe kunja kunaliri masiku apitawo, utha kuwerenga chobwerera mpaka tsiku lomwe mazira anaikidwa. Chomwe umapeza si ola lomwe munthu anafera ayi, ndi nthawi yochepetsetsa yomwe mtembowo wakhala pamenepo. Ukhoza kukhala kuti wakhala masiku ochulukirapo, mwina unali m'nyumba yotseka kapena wokulungidwa, koma sungakhale wa masiku ochepera pa msinkhu wa mphutsizo, pokhapokha ngati mphutsizo zinayamba pabala chamoyocho chisanafe.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Ku China woweruza wina dzina lake Song Ci analemba m'chaka cha 1247 za munthu amene anaphedwa ndi zenga kumunda, wofufuza anauza anthu onse a m'mudzimo kuti ayale mazenga awo padzuwa, ntchentche zinaunjikana pa zenga limodzi lomwe ngakhale linali lotsukidwa linali lidakali ndi fungo la magazi, mwini wake n'kuvomera mlandu. Ku France dokotala wina, Bergeret, anafalitsa mu 1855 momwe anagwiritsira ntchito tizilombo podziwa nthawi yomwe mtembo wa khanda unakhala wobisika m'nyumba, ndipo katswiri wina wa konko, Mégnin, mu 1894 anafotokoza momwe mitundu ya tizilombo imasinthanirana pamtembo, ina ikachoka ina ikubwera. Wotchuka kwambiri ndi mlandu wa Buck Ruxton wa 1935, dokotala wa ku Lancaster amene anapha mkazi wake ndi wantchito n'kukataya zidutswa za matupi awo pafupi ndi Moffat ku Scotland. Alexander Mearns wa ku yunivesite ya Glasgow anayeza mphutsi zomwe zinapezeka pamenepo n'kunena kuti zinali za masiku 12 mpaka 14, zomwe zinathandiza apolisi kudziwa nthawi yomwe matupiwo anatayidwa. Ruxton ananyongedwa mu 1936.

Nanga gawo la mphutsi umalidziwa bwanji? Apa ndi pomwe kamaikulosikopu kangaka kamandisangalatsa. Mphutsi mbali yosongoka ndi kumutu, mbali yonenepa ndi kumbuyo, ndipo kumbuyoko kuli timadontho tiwiri tofiirira tomwe anthu ambiri amaganiza kuti ndi maso. Ndi mopumira. Mphutsi imalowetsa mutu m'nyama n'kusiya kumbuyo panja kuti izipuma uku ikudya. M'kadontho kalikonse muli timing'alu, pagawo loyamba simuoneka bwino kamangokhala ngati kamodzi, pagawo lachiwiri timakhala tiwiri, pagawo lachitatu titatu. Ndi maso okha simungawerenge, ngakhale kamera ya foni yabwino imalephera chifukwa siifika pafupi chonchi. Koma ndi kachubu aka pamalo achiwiri a fokasi aja timing'alu titatu timaoneka poyera mpaka mwana wa Fomu 2 amatha kuwerenga yekha pa sikirini. Tsiku lomwe ana anga a m'kalasi anaona zimenezi palibe amene anadandaula za fungo, onse amakankhana kufuna kupotokola gudumu.

Kamathanso kukuthandizani kusiyanitsa mitundu ina yosavuta. Kuno kwathu pa nyama yakufa mumapeza kwambiri za mtundu wa Chrysomya. Mphutsi za Chrysomya albiceps zili ndi timinga tanyama thupi lonse mwakuti zimaoneka ngati zaubweya, ndipo zikakula zimadya mphutsi zinzake, ndiye mukaziika m'botolo limodzi ndi zosalala zija mawa mupeza zosalalazo zatha. Chrysomya marginalis ndi ntchentche yaikulu ndithu yokhala ndi mzere wakuda kutsogolo kwa phiko, imakonda nyama zikuluzikulu. Palinso zotuwa zamizeremizere kumsana za banja la Sarcophagidae, izi siziikira mazira, zimabereka timphutsi tamoyo kale. Nyama ikayamba kuuma kumabwera tizikumbu ta Dermestes maculatus, ndi tomwe tija timaononga usipa ndi matemba ouma m'matumba, amayi ogulitsa nsomba pa Chitakale ndi pa Limbuli amatidziwa bwino kuposa ine. Koma kusiyanitsa mitundu yofanana kwambiri, monga Lucilia cuprina ndi Lucilia sericata, kumafuna kuwerenga titsitsi tating'ono ta kumutu, pamenepo kamaikulosikopu aka kamagonja, chithunzi chimasanduka mabokosimabokosi.

M'mwezi wa July kumudzi kwina kufupi ndi kwathu kunapezeka mbuzi yakufa m'mabulugama a m'mphepete mwa munda wa tiyi. Mwini wake anali ndi mbuzi zambiri zomwe zimangoyendayenda, ndipo ankanena motsimikiza kuti yaphedwa usiku womwewo ndi mnyamata wina yemwe anakanganapo naye za malire, mnyamatayo anali atangobwera dzulo lake madzulo kuchokera ku maliro ku Phalombe komwe anakhalitsako. Nkhani inafika kwa amfumu ndipo wina anawauza kuti aphunzitsi aja amaonera mphutsi pa foni. Ndinapita. Kunali chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu, aliyense ali mujuzi, ndipo chifukwa cha kuzizirako mbuziyo sinali itatupa kwambiri, kunja imaoneka ngati yadzulo. Koma m'kamwa ndi pansi pa mimba munali mphutsi zonenepa, ndipo nditafukula masamba pambali ndinapeza zina zayamba kale kuchoka kulowa m'dothi. Ndinatenga zikuluzikuluzo, kuziika m'madzi otentha, kuziyang'ana, timing'alu titatu tonse.

Amfumu anayang'ana pa foni nthawi yaitali kenako anati, "Aphunzitsi, ndiye mukuti tizilomboti timawerenga masiku?" Ndinati, "Eya mfumu, kuwerenga timawerenga, koma sitinena amene wapha. Chomwe ndingakuuzeni ndi chakuti mphutsi yofika apa singakule usiku umodzi, ngakhale mu October kukutentha, nanji kuzizira kuno." Ndinawauzanso chinthu china chomwe munthu woona mtima ayenera kunena, kuti pali ntchentche ina, Chrysomya bezziana, yomwe imaikira mazira pabala la chiweto chamoyo, ndiye mbuzi itha kukhala ndi mphutsi isanafe. Anafunsa mwini mbuzi ngati inali ndi chilonda, anati ayi, ndipo mphutsizo zinali m'kamwa ndi m'mimba osati pabala limodzi. Momwe anagamulira mlanduwo ndi nkhani ya amfumu ndi nduna zawo, ine gawo langa linathera pamenepo, koma mnyamata uja anapuma ndithu.

Apa ndinene mosapita m'mbali. Iyi inali mbuzi. Mukapeza mtembo wa munthu, kaya m'tiyi, kaya mumtsinje wa Ruo kapena Lichenya, kaya m'phiri, musakhudze kanthu, musatole mphutsi, musathire mankhwala ophera ntchentche, itanani apolisi. Kuyeza mtembo ndi ntchito ya madokotala ophunzira zimenezo monga a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ku Blantyre, ndipo chithunzi cha 640 kwa 480 chojambulidwa ndi mphunzitsi sichingakhale umboni wa kukhoti. Chomwe ndimalakalaka ndi choti wapolisi aliyense wofika koyamba pamalo azikhala ndi timabotolo tiwiri ndi thermometer, chifukwa nthawi zambiri achibale ndi anthu a m'mudzi amathamangira kutsuka ndi kuthamangitsa ntchentche pofuna kulemekeza malemu, zomwe ndi zomveka ndithu, koma umboni umapita ndi madziwo.

Katengedwe kake si kovuta. Zina mumaziika m'madzi otentha kwambiri, opitirira madigiri 80 koma osati owira, kwa masekondi 30, kenako mu ethanol wa 70 mpaka 80 peresenti. Madzi otentha aja amapangitsa mphutsi kuwongoka ndi kusada, mukaiponya yamoyo mu sipiriti imakhwinyata ndipo utali wake umanama. Kachasu musagwiritse ntchito, mphamvu yake imasiyana botolo ndi botolo. Zina mumazisiya zamoyo pa kachidutswa ka chiwindi m'chigubu chokhala ndi mchenga pansi, pamwamba kuphimba ndi kansalu, mpaka zisanduke ntchentche, chifukwa ntchentche yaikulu ndi yosavuta kuidziwa mtundu kusiyana ndi mphutsi. Lembani tsiku, ola ndi malo ndi pensulo, inki imasungunuka mu sipiriti.

Ndipo thermometer ija ndi yofunika mofanana ndi maikulosikopuyo, mwinanso kuposa. Akatswiri sawerenga masiku okha, amawerenga kutentha kuchulukitsa ndi maola, chifukwa mphutsi ilibe kutentha kwake kwa m'thupi, kunja kukazizira imakula pang'onopang'ono, kukazizira kwambiri imangoima. Kuno ku Mulanje zimenezi ndi nkhani yaikulu, chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique pakati pa May ndi August ntchentche sizimauluka n'komwe, mtembo utha kugona tsiku lathunthu popanda dzira. Mphutsi ya pa Lichenya pamwamba paphiri ndi ya kumunsi ku Muloza zitha kukhala zofanana utali koma zosiyana msinkhu. A zanyengo ali ndi malo oyezera pa Mimosa, pa Thyolo ndi pa Bvumbwe, manambala awo ndi omwe munthu angayambire, koma pamalo penipenipo pamafunika kuyezaponso, chifukwa pansi pa mthunzi wa bulugama si chimodzimodzi ndi pamtetete. Kuwonjezera apo mphutsi zikaunjikana zambiri zimadzipangira kutentha kwawo, pakati pa mulu pamatha kutentha madigiri oposa 10 kusiyana ndi mpweya wa kunja, mukalowetsa thermometer mudabwa.

Tibwerere ku chipangizo. Vuto lake lalikulu kwa ine si lenzi, ndi magetsi aja. Mphutsi yonyowa imanyezimira, ndiye ma LED 8 aja amaoneka ngati mkombero wa madontho oyera pamwamba penipeni pa chinthu chomwe mukufuna kuona. Ndimaipukuta kaye ndi tishu, kuchepetsa kuwala mpaka pansi, pena kuzimitsiratu n'kuunikira ndi tochi ya foni ina cham'mbali, kapena kukhala pafupi ndi zenera m'mawa. Chachiwiri kuwala kwake n'kwabuluu kwambiri, ntchentche yobiriwira imaoneka yabuluu, ya mtundu wa kopa imaoneka yotuwa, pomwe mtundu ndi chimodzi mwa zinthu zothandiza kudziwa ntchentche. Chifukwa chake ndi chakuti LED yoyera si yoyera kwenikweni. Mkati mwake muli kachip kotulutsa kuwala kwa buluu, pamwamba anapakapo phosphor yomwe imasandutsa gawo la buluuyo kukhala yachikasu, ziwirizi zikasakanikirana diso limaona zoyera. Ma LED otchipa buluu amachuluka ndipo kufiira kumachepa.

Kachip kameneko ndimakonda kufotokozera ana chifukwa ndi kodabwitsa kuposa mphutsi zomwe. Sikasemedwa, kamachita kumeretsedwa. Amatenga kambale kopyapyala ka sapphire, kuika m'ng'anjo yotsekedwa bwino yotentha madigiri pafupifupi 1,000, n'kulowetsamo mpweya wa ammonia ndi wina wonyamula gallium wotchedwa trimethylgallium. Mipweyayi ikafika pambale yotenthayo imasweka, gallium ndi nitrogen zimakhala pansi n'kumalumikizana mzere pamwamba pa mzere, atomu ndi atomu, kupanga gallium nitride. Njirayi amaitcha MOCVD. Pomwe pamatulukira kuwala penipenipo ndi timizere ta indium gallium nitride tokhuthala mananomita 2 kapena 3, ndipo mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000, ndiye ganizirani kuti kamzere kamodzi ka pakapepala kathu kaja kangalowe timizere totere tingati.

Kwa zaka zambiri zimenezi zinkakanika. Maatomu a sapphire ndi a gallium nitride satalikirana mofanana, amasiyana ndi pafupifupi 16 peresenti, zili ngati kumanga khoma ndi njerwa za chikombole china pamwamba pa mzere wa njerwa za chikombole chosiyana, ukafika kumapeto mizere yasemphana ndipo khoma lang'aluka. Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano ku Nagoya anapeza njira mu 1986, yoyamba kuyala kamzere kopyapyala ka aluminium nitride pa kutentha kocheperapo kuti kakhale pakati, kenako gallium nitride n'kumera bwino pamwamba pake. Mu 1989 anakwanitsa kupanga mbali ya p pogwiritsa ntchito magnesium, imodzi mwa mbali ziwiri za kachip, p ndi n, zomwe kuwala kumatulukira pakati pake, ndipo popanda mbaliyi LED yowala singatheke. Shuji Nakamura ku kampani ya Nichia anakonza ng'anjo yake yolowetsa mpweya mbali ziwiri, ndipo mu 1993 LED yabuluu yowala kwambiri inatuluka. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Tochi iliyonse ya pa Limbuli, nyale ya sola yomwe ana amawerengera usiku, masikirini a mafoni ambiri, zonse zikuchokera pa ntchito imeneyo, ndipo ine zimandikhudza kuti anthu anakhala zaka akulimbana ndi ng'anjo kuti lero mwana wa kwa Mabuka aziwerenga popanda utsi wa koloboyi.

Sensa ya kamera yakenso ndi ya banja lomwelo la ntchito, silicon yomeretsedwa mopyapyala n'kuyalidwa timizere ta oxide ndi zitsulo pamwamba, mtundu wa CMOS womwe Eric Fossum ndi anzake anaukonza ku JPL ya NASA kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ya m'kachubu aka ndi yaing'ono komanso yakale, kukada pang'ono chithunzi chimadzaza timadontho, ndipo mphutsi yamoyo ikamayenda imaoneka yopindika chifukwa sensa imawerenga mzere ndi mzere osati chithunzi chonse nthawi imodzi. Ndiye vidiyo ya zamoyo musayembekezere zambiri.

Chomwe chinandikoka mtima kwambiri ndi chakuti ntchentche yobiriwira ija nayonso ndi ya timizere topyapyala. Kubiriwira kwake si utoto. Khungu lake lili ndi timizere tosanjikizana tochepa kuposa utali wa funde la kuwala, kuwala kukagunda kamzere kalikonse kumabwerera pang'ono, mafunde obwererawo ena amathandizana ena amafafanizana, otsala ndi obiriwira aja. Ndi zomwe zimachitika pa oilo wa minibasi akatayikira pa chithaphwi pa depoti. N'chifukwa chake mukaitembenuza ntchentche pansi pa lenzi mtundu umasintha, apa wobiriwira apa wagolide, ndiponso n'chifukwa chake nyali yomwe mukuunikira imasintha zomwe mukuona. Pa phunziro limodzi ana amaona Biology ndi Physics pa msana wa ntchentche imodzi.

Sitandi yake ndiyo yosathandiza konse. Ndi yopepuka, kolumikizira kake kamamasuka, ukangokhudza gudumu la fokasi chithunzi chonse chathawa, ndipo pa 150 kugwedezeka kwa tebulo munthu akamadutsa kumaoneka pa sikirini. Kabatani kojambulira kali pachubu pomwepo, ukakadina zonse zagwedera, ndiye muzijambulira pa apu osati pa batani. Ine ndinapita kwa mmisiri wa matabwa anandikhomera kathabwa kolemera ndi kamtengo koima, chubu ndimachimanga ndi labala ya chubu cha njinga, ndipo chinthu chomwe ndikuyang'ana ndimachikweza kapena kuchitsitsa poika mapepala pansi. Kuti mphutsi iime chakumbuyo kuyang'ana kumwamba ndimaizika mutu mu kabotolo ka mchenga wonyowa kapena mu sopo wofewa. Kuchokera pomwe ndinapanga zimenezi zithunzi zinasintha kwambiri. Kapulasitiki koonekera ka kutsogolo kamagwira fumbi ndi chinyezi, kuno ndi mvula yathuyi muzikasunga m'chigubu chotseka pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato, apo ayi lenzi imera nkhungu.

Kupatula mphutsi za pa nyama yakufa, kandithandizanso pa zina. Mlimi wina anabwera ndi mbozi ya m'chimanga, tinaona bwinobwino chizindikiro cha Y chozondoka pamutu ndi madontho anayi a kumbuyo omwe amasonyeza kuti ndi fall armyworm. Akangaude ofiira a pamasamba a tiyi ndi tomato amaoneka mpaka mazira awo. Mayi wina mwana wake anatuluka kachithupsa kokhala ndi mphutsi mkati, zija zimabwera ntchentche ya Cordylobia anthropophaga ikaikira mazira pa zovala zoyanika pansi kapena pamthunzi, achipatala atachotsa anabwera nayo m'kabotolo kuti aione, ndipo ataona timinga take pa sikirini sanafunenso kuuzidwa kawiri za kusita matewera. Mnyamata wokonza mafoni pa Chitakale anabwerekako tsiku lina, akuti poyang'ana timizere toduka pa bolodi kali bwino koma powotcherera ayi, chifukwa lenzi imakhala pafupi kwambiri ndipo chithunzi chimachedwa pang'ono kufika pa sikirini.

Ndiye kugula kapena ayi? Ngati ndinu mphunzitsi pa sukulu yopanda labu, gulani, kalasi yonse imaonera limodzi pa laputopu imodzi m'malo moima pamzere kudikira diso limodzi. Alangizi a ziweto ndi a mbewu, gulani. Ngati mukufuna kuona maselo, magazi kapena mazira a njoka za m'mimba m'ndowe, sungani ndalamazo muwonjezere mugule maikulosikopu yeniyeni ya magalasi. Pa zisanu ndikupatsa zitatu ndi theka, imodzi ndachotsera bodza la 1000x, theka ndachotsera sitandi. Mukamagula onetsetsani kuti ma LED onse 8 akuyaka, kagudumu ka kuwala kakutha kuzimitsiratu, ndipo kapepala ka mamilimita kali m'bokosi chifukwa ogulitsa ena amakataya potsegula. Ndalama yotsala mugulire thermometer ya digito yokhala ndi kachitsulo kolowetsa, ija amagulitsa m'mashopu a ziwiya za kukhitchini, ndi ka OTG kachiwiri, chifukwa tija timaduka msanga pakhosi.